Kodi Mfumu Henry Ndiyo Inabzala Mpingo wa Anglican?

Pali mau amene timawamva kawiri-kawiri pamene Akristu a mipingo yosiyana akomana pamaliro kapena panjira ya kumsika. Wina amati, "Mpingo wa Anglican uja unayambidwa ndi mfumu yofuna kusudzula mkazi wace." Mnzace wa mpingowo amapsa mtima, nayankha kuti mfumuyo siinacite kanthu konse. Ife tiyesa kuti onse awiri aphonya, ndipo mwezi uno tifuna kuutenga mlanduwu monga acitira akuru pabwalo, kumva mbali zonse tisanagamule.

Poyamba tifunse: kodi Henry VIII, mfumu ya ku England, anapeza ciani polowa ufumu m'caka ca 1509? Anapeza mpingo wokalamba kale. M'caka ca 314 mabishopo ocokera ku Britain anakhala nao pa msonkhano wa ku Arles, ndipo m'caka ca 597 Augustine anafika ku Kent, wotumidwa ndi Papa Gregory, nakhala bishopo woyamba wa ku Canterbury. Kuyambira pomwepo kufikira masiku a Henry zinapita zaka zoposa 900, anthu alikubatiza ana ao ndi kuika akufa ao mwa Cikristu. Munthu sangabzale mtengo umene makolo ace anapumula pamthunzi pace.

Koma mlandu wa ukwati uja ngwoona, ndipo sitiubisa ai. Henry analowa cokolo, pakuti anakwatira Catherine wa ku Aragon, mkazi wamasiye wa mkuru wace Arthur, ndi cilolezo ca Papa. Mwa ana onse amene Catherine anabala anakula mmodzi yekha, wamkazi, dzina lace Mary. Mfumu inaopa kuti ikafa yopanda mwana wamwamuna, nkhondo zolimbirana ufumu, zimene atate wace anazithetsa, zidzabukanso. Ndiponso mtima wace unali utapita kale kwa Anne Boleyn. Tsono inayamba kunena kuti buku la Levitiko liletsa munthu kutenga mkazi wa mbale wace, nipempha Papa Clement VII anene kuti ukwatiwo sunali ukwati ciyambire. Papa anazengereza, cifukwa Catherine anali mai wamng'ono wa Charles V, mfumu yaikuru imene asilikari ace anafunkha mzinda wa Rome m'caka ca 1527. Khote-khote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. M'caka ca 1533 Thomas Cranmer, bishopo wamkuru wa ku Canterbury, anagamula monga inafunira mfumu, ndipo m'caka ca 1534 Nyumba ya Malamulo inalamula kuti mfumu ndiyo mutu wa mpingo wa ku England pansi pano.

Apa ndipo tiyenera kupenyetsetsa. Henry anadula cingwe ca ku Rome, koma ciphunzitso sanafune kucisintha kweni-kweni. Ndiye yemwe analemba buku lotsutsa Martin Luther, ndipo m'caka ca 1521 Papa Leo X anamninkha dzina la ulemu lakuti Mtetezi wa Cikhulupiriro. M'caka ca 1539 anakhwimitsa malamulo osunga Misa monga kale ndi oletsa ansembe kukwatira. Anadula mitu ya Thomas More ndi Bishopo John Fisher m'caka ca 1535 cifukwa anakana umutu wace pa mpingo. Ndipo tsiku limodzi m'caka ca 1540, ku Smithfield, anaphetsa amuna atatu cifukwa ca kutsata Papa, natentha ena atatu owayesa opotoza ciphunzitso. Nyumba za amonke anazitseka pakati pa 1536 ndi 1540, natenga minda ndi cuma cao. Munthu wotere sitingamuche tate wa cikhulupiriro. Anali mfumu yosafuna mnzace pamwamba pace, ndipo amene amyeretsa alakwira coonadi.

Nanga zimene tiudziwa nazo mpingowo lero zinacokera kuti? Cipangano Catsopano m'Cingelezi anacimasulira William Tyndale, cinasindikizidwa m'caka ca 1526 kunja kwa dziko, ndipo m'England cinaletsedwa; mwini wace anaphedwa m'caka ca 1536. Timpatse Henry cace: m'caka ca 1539 Baibulo lalikuru la Cingelezi linaturuka ndi cilolezo cace kuti liikidwe m'nyumba zonse za mapemphero, ngakhale nchito yambiri m'menemo inali ya Tyndale yemweyo. Buku la Mapemphero la Cranmer linadza m'caka ca 1549, Henry atafa zaka ziwiri. Mary atalowa ufumu m'caka ca 1553 anabwezera dziko kwa Papa, ndipo Cranmer anatenthedwa ku Oxford m'caka ca 1556. Amene anakhazika mpingo pa maziko okhalitsa ndiye Elizabeth, mwana wa Anne Boleyn, m'caka ca 1559. Ndipo iye sanachedwenso mutu wa mpingo, koma wolamulira wace wamkuru.

Cigamulo cathu nci. Wonyoza uja anena zoona pa ciyambi ca kupatukana, koma aiwala zaka zonse za m'mbuyo ndi mwazi wa iwo amene anadza pambuyo. Woteteza uja acita bwino kukonda mpingo wace, koma asacite manyazi kubvomera cimo la mfumu. Bishopo Mackenzie, amene anafika ku Magomero m'caka ca 1861 namwalira caka cotsatira, sanasiye kwao cifukwa ca ukwati wa Henry. Ndipo mpingo wa Anglican wa kuno, umene unakhala cigawo codziimira paokha ca Central Africa m'caka ca 1955, suli pansi pa mfumu ya ku England.

Koma pali cenjezo limene litikhudza tonse, a mpingo uli wonse. M'zaka 25 zokha, kuyambira 1534 kufikira 1559, anthu a m'midzi ya ku England anaona mapemphero ao alikusinthidwa ndi mafumu anai, ndipo cimene cinali cololeka caka cino cinaphetsa munthu caka ca mawa. Umo ndimo ucitira mpingo wotsamira pa mpando wa wolamulira: iye akatembenuka, nao utembenuka. Cifukwa cace tilemekeze mafumu athu monga kuyenera, koma akuru a mpingo asamagamula mlandu wa ukwati, kapena wina uli wonse, poyang'ana nkhope ya mwini mlandu.