Kodi Sukulu Ndiyo Inabala Mitundu?

M'chaka cha 1989 kunatuluka buku la Chingerezi lotchedwa The Creation of Tribalism in Southern Africa. M'menemo Leroy Vail ndi Landeg White analembamo mutu wonena za Malawi. Mfundo yao njakuti mtima wonyadira mtundu, makamaka ku Mpoto, unakulira m'sukulu. Kholo la ku Mzuzu, limene mwana wake amayankhula Chitumbuka pakhomo naphunzira Chichewa m'kalasi, liyenera kuisinkha bwino nkhaniyi.

Umboni wao ngwomveka ndithu. Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894, ndipo m'sukulu zambiri za mishoni ya Livingstonia ana anali kuphunzira m'Chitumbuka. Ophunzira a mishoniyo ndiwo analemba mbiri za makolo: Saulos Nyirenda za Atumbuka, Yesaya Chibambo za Angoni. Nkhani zimene agogo anali kukamba madzulo poothera moto zinalowa m'buku, ndipo cholembedwa anthu sachitsutsa msanga. Pamene Boma la Atsamunda linafuna kulowetsa Chinyanja m'sukulu za ku Mpoto, anthu ophunzirawo anakana kwamtuwagalu, kufikira mu 1947 Chitumbuka chinavomerezedwa pamodzi ndi Chinyanja.

Komabe alembiwa aisenzetsa sukulu katundu wopitirira. Atumbuka anali ndi chinenero chao ndi mafumu ao Laws asanaponde ku Khondowe. Mphunzitsi anangonola mpeni umene anaupeza. Ndiponso Livingstonia yomweyo inaphunzitsa Levi Mumba, amene anathandiza kuyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, nakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Bungwe la Congress silinali la mtundu umodzi ayi, linali la dziko lonse. Mbali imeneyi alembiwa sanaipatse kulemera kwake.

Pamene alasa penipeni ndi pa zimene zinachitika ufulu utabwera. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unasankha Chichewa kukhala chinenero cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Cholinga chinali kumanga fuko limodzi, koma ku Mpoto kunatsala chilonda. M'chaka chomwe bukuli linatuluka, Dr Banda analamula aphunzitsi kuti aliyense akaphunzitse m'chigawo cha kwao. Ambiri a ku Mpoto anamanga akatundu nasiya ana amene anawazolowera ku Chigawo cha Pakati ndi cha Kummwera. Chitumbuka chinamvekanso pa wailesi ya Boma mu 1994.