Za Kusudzulana: Kupita Awiri, Kapena Kupita Wekha?

Pakati pa ife a ku Chileka ndi ku Lirangwe pamveka kawirikawiri mau akuti, "Ajawa analekana bwino, sanafike ndi ku khoti komwe." Anthu anena mau amenewa moyamikira, monga ngati kulekana kopanda phokoso ndiko kulekana kolungama. Ife sitikondwera ndi kutha kwa ukwati uli wonse, iai. Koma popeza maukwati ena akutha ndithu pamaso pathu, tiyenera kuyesa mau amenewa, tione ngati ali oona.

Funso lomweli lavuta anthu a maiko ena, ndipo m'mene iwo analiweruzira mutithandiza. Ku England, mu 2018, bwalo lalikulu koposa linakaniza mkazi wina chisudzulo, ngakhale iye anali atachoka kale pa nyumba, chifukwa mwamuna wake anakana, ndipo oweruza anayesa zifukwa za mkaziyo zosakwanira. Mu 2020 anapanga lamulo latsopano, limene linayamba kugwira nchito pa 6 April 2022. Tsopano munthu kumeneko akhoza kupempha chisudzulo yekha, kapena onse awiri alemba pempho limodzi, osanenezana cholakwa. Adikira masabata 20, napatsidwa chilolezo choyamba. Atapitanso masabata 6, ukwati utha. Koma taonani zinthu ziwiri. Wina akayamba kuzengereza, mnzake aloledwa kupitiriza yekha. Ndiponso kalata ya chisudzulo ithetsa ukwati wokha. Za chuma ndi za ana zifuna pangano lakelake.

Kwathu kuno, lamulo la maukwati la 2015 livomereza ukwati wa ku boma, wa ankhoswe, wa mu mpingo, ndi wa anthu amene akhalira pamodzi nthawi yaitali monga banja. Mwamuna kapena mkazi akhoza kudandaula ku bwalo la mirandu kuti ukwati wasweka kosati nkukonzekanso. Malamulo akulu a dziko lino a 1994, pa gawo 24, anena kuti ukwati ukatha, mkazi ayenera kulandira gawo loyenera la chuma chimene ali nacho pamodzi ndi mwamuna wake, ndi thandizo loyenera la iye ndi ana.

Tsono kupita awiri si chinthu chachilendo kwa ife. Makolo athu anali nako kale. Ankhoswe amene anamanga ukwati ndiwo aitanidwa poumasula. A kuchimuna akhala uku, a kuchikazi uko, ndipo mlandu umveka poyera. Mwambo wa chikamwini unenanso kuti mwamuna ammangire mkazi nyumba kumudzi kwa mkaziyo, ndipo mabwalo a mirandu akhala akulamula amuna osudzula kuti achite chomwecho. Njira imeneyi ikayendedwa moona iposa zonse, pakuti ana saona atate ao ndi amai ao akutukwanana pamaso pa anthu achilendo.

Koma chimene tidandaula nacho ndi ichi: kuvomerezana kwambiri kumene tikuyamika si kuvomerezana konse, koma kukhala chete kwa wofooka. Mwamuna agwira nchito m'tauni ku Blantyre, kapena wabwera kuchokera ku Johannesburg ndi ndalama m'thumba. Mkazi ali ndi khasu lokha ndi manyazi. Atsibweni ake afuna kuti nkhani ithe dzuwa lisanalowe. Amfunsa, "Mwavomera kodi?" Iye ayang'ana pansi nati, "Inde." Palibe cholembedwa. Chikapita chaka, mwana afuna ndalama za sukulu, denga lidontha, ndipo mwamuna uja ali ndi banja lina. Amene anayamika kulekana kwa mtendere kuja sabweranso kudzafolera nyumbayo.

Ndipo si akazi okha apwetekedwa motero. Mkamwini amene anaumba njerwa nakhoma malata pa malo a apongozi ake, nthawi zina achoka ndi mphasa yake yokha, nakanizidwa kuona ana ake, chifukwa anachita mantha kutsutsana ndi mudzi wonse wa eni ake. Iyenso anati "Inde," koma mtima wake sunavomere.

Chifukwa chake tisanyoze munthu amene apita yekha ku bwalo. Alipo akazi amene amenyedwa. Kuuza wotere kuti adikire kufikira womenyayo atavomera kupita naye, ndiko kumtsekera m'khola limodzi ndi fisi. Kuyambira 2006 dziko lino liri ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Ku polisi kuli chipinda cholandirira ozunzidwa, ndipo a Legal Aid Bureau athandiza osauka pa mirandu. Wogogoda pa makomo amenewa sanachititse manyazi mbumba yake. Komabe sitiyamika wothamangira ku khoti ndi mkwiyo wa usiku umodzi, osauza ankhoswe ake. Kuthamanga sikufika, ndipo maukwati ambiri apulumuka chifukwa akulu anakhala pansi.

Tsono muyeso wathu usakhale wakuti, kodi anapita awiri kapena mmodzi? Tifunse zina. Kodi onse awiri analankhula momasuka, wopanda woopsezedwa? Kodi zanenedwa poyera za kumene ana adzakhala, ndi amene adzawadyetsa ndi kuwalipirira sukulu? Kodi za nyumba, mbuzi, njinga ndi chimanga cha m'nkhokwe zalembedwa, ndi kutsimikizidwa ku bwalo, kuti wina akaphwanya pangano pakhale pomgwirira? Mayankho akakhala inde, apite awiri, ndipo achita bwino. Akakhala iai, wolakwiridwayo apite yekha, ndipo ife timperekeze.

Inu akulu a mpingo ndi ankhoswe, nchito yanu yoyamba ndiyo kuyanjanitsa, ndipo musatope nayo. Koma chiyanjano chikalephereka, musasambe m'manja ndi kuchoka. Khalani pomwepo kufikira gawo la ana litamveka, pakuti iwo sanafunsidwe pomanga ukwati, ndipo safunsidwanso poumasula.