Pamela ndi Amisiri a Mawu a ku Ng'ombe

Ambuya anga a ku Ng'ombe, komboni ya mu Lusaka, sanatumepo mwana kuti akagule "ufa wochepa". Ankamasula mfundo ya pakona pa chitenje, n'kuwerenga ndalama, kenako n'kuitana: "Iwe, tamanga pa kantemba, ukagule mapamela yabili." Mwana aliyense wa m'komboni ankadziwa kuti pamela ndi kathumba kapulasitiki ka ufa wongokwana nsima imodzi, kopungulidwa m'thumba la makilogalamu 25 limene banja silikanatha kugula lathunthu.

Akuluakulu amafotokoza kuti dzinali linachokera mu Dallas, sewero la ku America limene linayamba mu 1978 ndipo linatchuka pa TV m'Zambia muno. Munali Pamela, mkazi wa Bobby Ewing, wokongola, wowonda m'chiuno, wokwatiwa m'banja la anthu olemera ndi mafuta a ku Texas. Nyumba za TV ku Ng'ombe zinali zowerengeka, koma mbiri ya mkaziyo inafika mpaka pampopi. Ndiye wina, mwina mayi wogulitsa pamsika, anayang'ana kathumba kake kowonda, komangidwa pakhosi, n'kukatcha Pamela.

Ine ndimagoma naye munthu ameneyo. Taonani mmene anasankhira. Pa-me-la: mbali iliyonse ya liwuli imathera pakamwa potseguka, monga momwe mawu athu amachitira, choncho silinafune kusulidwa ngati sitolo kapena sukulu. Limalandira "ma" popanda kukana. Limamveka patali ukaliitana. Koma luso lalikulu lili pa ntchito imene liwuli limagwira. Kugula ufa wa tsiku limodzi ndi umboni woti m'nyumba zinthu zathina, ndipo m'komboni makoma ndi oyandikana, aneba amamva zonse. Mayi akanena kuti "ndilibe ya thumba," waulula zakukhosi pagulu. Akanena kuti "kagule pamela," aneba amamwetulira, chifukwa nawonso atuma mwana m'mawa womwewo. Njala yavekedwa diresi ndi nsapato zazitali, ndipo mayi uja wabwerera m'nyumba ulemu wake uli wonse.

Ufa sunali nkhani yoseweretsa m'zaka zimenezo. Mu Disembala 1986 anthu a ku Copperbelt anachita zipolowe mtengo wake utakwera. Mu 1989 boma la Kenneth Kaunda linabweretsa makuponi a ufa. Mu Juni 1990 mtengo unakweranso, Lusaka inayaka, anthu anafa, ndipo pa 30 mwezi womwewo msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma, ngakhale zinatha m'maola ochepa. Anthu amene ankagona pamizere ya m'masitolo a boma kudikira ufa, saladi (mafuta ophikira) ndi sopo ndi omwewo amene ankasula mawu ofewa chonchi.

Ndikuti kusula chifukwa ndimawaona ngati amisiri a malata amene amakhala pansi pa mtengo ndi nyundo ndi chizulo. Amatola chitini chotayidwa, amachidula, amachiboola, chimasanduka mbaula kapena koloboyi. Chitsulo n'chachilendo, koma chiwiya n'chathu. Zamcab inali kampani ya matakisi mu Lusaka. Itatha, dzina lake silinatayidwe. Linapatsidwa kwa wilibala yowotcheredwa zitsulo zazitali kutsogolo, imene anyamata amakankha ku Soweto Market atasenza matumba a makala ndi a kabichi. Ukaitana kuti "Zamkebu!" mnyamatayo amabwera ngati dalaivala, osati ngati wonyamula katundu wa eni. Dzina lamukweza, ndipo nthabwala yake ilibe mbola.

Mapu a Lusaka nawo anasulidwa ndi nyundo yomweyo. Misisi ndi "Mrs", mayi wachizungu amene anali mwini malowo. Marapodi ndi Marrapodi, kontilakitala wa ku Italy. John Laing ndi John Howard anali makampani omanga amene antchito awo anakhazikika pamene panali misasa. Mandevu akuti ndi ndevu za amuna ochokera ku Southern Rhodesia amene anamanga kumeneko. Kwathu ku Ng'ombe, akuluakulu amati kunali busa la ng'ombe nyumba zisanamere.

Ndipo ukaima kumalire a Ng'ombe n'kuyang'ana mipanda ya ku Roma ndi ku Kalundu, umamvetsa liwu lina la nthawi ya UNIP, chipani cha Kaunda: apamwamba. Ili ndi lathulathu, losabwereka. Lili ndi "a" waulemu kutsogolo, moti ukhoza kulinena pamaso pa bwana iye n'kumva ngati wamulemekeza. Koma mayi wochapa zovala m'nyumba za kumeneko akamalinena madzulo atabwerera kwawo, amalikoka pang'ono pakati, maso n'kuloza kumwamba, ndipo onse okhala pamphasa amamva kutalika kwa mpandawo. Liwu limodzi, nkhope ziwiri, ndipo palibe amene angakuimbe nalo mlandu.

Ena mwa mawuwa anabwera pa sitima kuchokera kumigodi, atakulungidwa m'Chibemba, monga salaula, kusankha pamulu wa zovala zakale. Wofufuza wina, A. L. Epstein, analemba za luso lomweli ku Copperbelt kale mu 1959. Ku Ng'ombe palibe amene ankafunsa kwawo kwa liwu. Likagwira ntchito, lalowa m'nyumba. Pamela akadalipo pa tuntemba, ngakhale ana amene amamugula sanaonepo Dallas.

Mawu a ndalama ndiwo ouma mutu kuposa onse. Kwacha ndi ngwee zinabwera mu 1968, koma ambuya anapitiriza kuwerenga matiki ndi masheleni, ndipo 5 ngwee ankaitcha susu, chifukwa inalowa m'malo mwa sikisipensi. Kwacha itagwa, makobidi anasowa kwa zaka zambiri, ife tinakula tikuwerenga mapini, pini imodzi K1,000. Pa 1 Januwale 2013 boma linachotsa maziro atatu, makobidi n'kubwerera. Mdzukulutuvi wina anabwera ndi chenji kuchokera pa kantemba n'kuwapatsa m'manja. Ambuya anasankhapo kakang'ono, anakayandikiza kumaso, anakatembenuza kawiri.

"Susu yabwela," anatero, n'kukamanga pakona pa chitenje.