Wamva M'mimba Sali pa Msonkhano

Mu Seputembala 2024 ndinakhala masiku angapo kwa azakhali anga ku St Mary's, ku Chitungwiza. Tulo tinali tochepa, chifukwa ikamakwana 3 koloko m'bandakucha tinkakhala tili kale pamzere wa pamjigo, zigubu zili pawilibala. Tsiku lina mnyamata amene anali patsogolo pathu anatsegula wailesi ya pafoni, ndipo bambo wina wodziwa kuyankhula ankafotokoza kuti vuto la madzi labwera chifukwa cha El Niño ndi kusintha kwa nyengo. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandiyang'ana.

"Mwanawe, paja El Niño ameneyu wabwera liti?"

"Chaka chathachi, azakhali."

"Nanga mpopi wanga uja unayamba kutsokomola liti? Iwe uli ku pulayimale."

Sindinawayankhe, koma funso lawo ndi limene landichititsa kuwerenga zikalata za boma la Zimbabwe zokhudza nyengo. Ndaziwerenga ngati mdzukulu wa matchona: agogo anga anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 kudzafuna ntchito ku Salisbury, ndipo sanabwererenso. Chimene ndapeza n'chakuti ndondomeko zimenezi zimalembedwa nkhope itayang'ana kunja, kwa amene ali ndi ndalama, msana utaloza kwa munthu wa pamzere wa pamjigo.

Ndisanapite patali, ndivomere kuti chilala cha 2024 sichinali nthano. Pa 3 Epulo chaka chimenecho Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza kuti dziko lili pa ngozi, n'kupempha thandizo la madola a ku America 2 biliyoni. Ku Malawi, Pulezidenti Lazarus Chakwera anali atalengeza kale chimodzimodzi m'maboma 23 mwa maboma 28. Abale athu a kumudzi ankatiimbira foni kutiuza za chimanga chimene chinapserera chisanabereke. Sitinaiwalenso namondwe wa Idai amene anakokolola midzi ku Chimanimani mu 2019, ndi wa Freddy amene anasakaza kum'mwera kwa Malawi mu 2023. Nyengo yasinthadi. Chimene ndikukana ndi kusandutsa mawu amenewa bulangete lofunditsa zolakwa za anthu.

Taonani mmene tauni yathu imamwera madzi. Chitungwiza inakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's. Atsamunda anaimanga ngati malo ogona antchito a mumzinda: m'mawa apite ku Salisbury, madzulo abwerere. Lero muli anthu pafupifupi 370,000, koma tauniyi ilibe damu lakelake. Imagula madzi kwa mzinda wa Harare, makamaka ochokera pamalo oyeretsera madzi a Prince Edward, amene amadalira madamu awiri ang'onoang'ono a pa mtsinje wa Manyame, Seke ndi Harava. Mvula ikavuta madamuwa amaphwa, makina amazimitsidwa, ndipo ndi zimene zinachitika mu 2024. Aliyense amene anakulira kuno akudziwa kuti zimenezi si zachilendo. Damu la Muda, limene amati lidzakhala la Chitungwiza, lakalambira papepala. La Kunzvi linayamba kutchulidwa m'zaka za m'ma 1990, koma ntchito yomanga inadzayamba mu 2021. Mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno mu 2008 ndi 2009 unayambira ku Chitungwiza konkuno, ndipo chinaubweretsa si dzuwa ayi, koma mapaipi a zonyansa ophulika ndi mipopi youma. Chilala chinapeza nyumba ili kale yopanda chitseko.

Tsono zikalata zija zikuti chiyani? Zilipo zingapo. Mu 2014 kunatuluka National Climate Change Response Strategy, mu 2017 National Climate Policy, ndipo mu 2021 boma linatumiza ku United Nations lonjezo lake lokonzedwanso pansi pa mgwirizano wa ku Paris. Sindikuzinyoza. Anazilemba ndi anthu odziwa ntchito yawo, ndipo mawu oti madzi, amayi, achinyamata ndi osauka mulimo ndithu. Koma chikalata chimadziwika ndi nambala imene chimanyadira. Nambala yotchuka ya lonjezo la 2021 ndi 40 peresenti: kuti pofika 2030 mpweya woipa umene munthu aliyense amawerengeredwa udzachepa ndi 40 peresenti poyerekeza ndi mmene ukanakhalira zinthu zitangosiyidwa, ndipo zimenezi zidzatheka pokhapokha thandizo la kunja litabwera. Imeneyi ndi kalata yopita kwa opereka ndalama. Imayankha funso lawo, loti mpweya ndi matani angati. Funso la azakhali, loti mpopi utuluka masiku angati pa sabata, lilibe nambala yotchuka ngati imeneyo.

Wina anganene kuti, kodi kupempha ndalama n'kulakwa? Ayi, si kulakwa. Africa yense amatulutsa mpweya woipa wosafika 4 peresenti ya dziko lonse lapansi. Amene anadetsa thambo ayenera kulipira, ndipo akulipira monyinyirika. Thumba lolipirira zowonongeka, limene anagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022, linangolonjezedwa madola pafupifupi 700 miliyoni pa msonkhano wa ku Dubai mu 2023, ndalama zosafika ngakhale theka la zimene Zimbabwe yokha inapempha chifukwa cha chilala chimodzi. Nthumwi zathu zikamamenya tebulo kumeneko, ine ndili nazo limodzi. Koma nthumwi imene imafuna chilungamo kwa olemera a kunja iyeneranso kuchichita kwa osauka a kwawo. Apa ndi pamene pali mpata waukulu.

Chimene boma limachiona kuti n'chofunika chimadziwika ndi liwiro lake. Pali malonda ena amene abwera masiku ano: kampani ya kunja imene imadetsa mpweya imalipira kuti nkhalango ya kuno isadulidwe, ndiye imalandira chiphaso chonena kuti yafafaniza uve wake. Mu Meyi 2023 boma linalengeza kuti lizitenga theka la ndalama za malonda amenewa. Eni malondawo anadandaula. Mu Ogasiti kunatuluka lamulo, Statutory Instrument 150, lonena kuti boma lizitenga 30 peresenti, eni ntchitoyo 70 peresenti, ndipo pa gawo lawolo azipereka limodzi mwa magawo anayi kwa anthu okhala m'deralo. Mu Seputembala lamulo linasinthidwanso, ndipo chimene chinachotsedwa ndi gawo la anthu a m'deralo lija. Miyezi isanu yokha, mfundo inasintha katatu. Zikuonetsa kuti boma limamva, ndipo limatha kuthamanga. Limangosankha womumvera. Damu la Muda silinapeze womuthamangira wotere.

N'chimodzimodzi ndi magetsi. Mu Ogasiti 2023 anatsegula makina awiri atsopano a malasha ku Hwange, opereka mamegawati 600, omangidwa ndi ngongole ya ku China. Munthu amene waphikapo nsima pa nkhuni m'tauni chifukwa magetsi azima tsiku lonse sangafulumire kutukwana makina amenewa, ndipo ine sindikuwatukwana. Ndikungoti zigamulo zenizeni, zokhala ndi ndalama ndi tsiku lomaliza ntchito, zimapangidwa m'zipinda zina, pamene chikalata cha nyengo chimakhala chovala cha paulendo.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya madambo. Ife Achewa dambo timalidziwa bwino, sitifunika katswiri wotiuza. Limamwa madzi nthawi ya dzinja, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, ndipo limasefa zonyansa zisanafike kumtsinje. Kwa tauni yopanda damu, dambo ndiye nkhokwe. Lamulo la Environmental Management Act la 2002 limaliteteza. Mu Julaye 2025 Zimbabwe inalandira maiko a dziko lonse ku Victoria Falls pa msonkhano wa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo. Nyanja ya Chivero ili pa mndandanda wa Ramsar kuyambira 2013. Koma miyezi isanu ndi iwiri msonkhanowo usanachitike, mu Disembala 2024, zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'nyanja yomweyo. Zonyansa za ku Chitungwiza zimatsikira mu Nyatsime, Nyatsime amathira mu Manyame, Manyame amathira mu Chivero, ndipo ku Chivero ndi kumene Harare imatunga madzi ambiri akumwa. Zipembere zitafa dziko linadzidzimuka. Anthu akhala akumwa madzi omwewo kwa zaka zambiri.

Nanga madambo a m'tauni muno anapita kuti? Anagulitsidwa. Bungwe lofufuza limene ankatsogolera Justice Tendai Uchena, limene linapereka lipoti lake mu 2019, linapeza kuti malo a boma m'matauni ankagulitsidwa mwachinyengo ndi anthu amene ankadzisandutsa eni nthaka. Msuweni wanga ndi mmodzi mwa amene anagula. Anatopa ndi lendi ya chipinda chimodzi ali ndi ana atatu, ndiye anapereka ndalama za zaka zisanu kwa bambo wina amene anali ndi mapepala odinda bwino. Mu Januwale 2021 mvula itagwa yamphamvu, madzi analowa m'nyumba zambiri ku Chitungwiza, ndipo kwa iye anafika m'mawondo. Paja madzi saiwala khwawa. Zitatero kunamveka mawu oti nyumba za m'madambo zigumulidwa. Wogulitsa uja palibe anamutchula. Kwa anthu amene akukumbukira Murambatsvina ya 2005, imene lipoti la United Nations linati inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda pokhala kapena pogwira ntchito, mawu oti kuteteza chilengedwe amamveka ngati phokoso la chimakina chogumulira nyumba. Ndondomeko imene imafika kwa wosauka ngati chilango chokha singayembekeze kuti wosaukayo aikonde.

Sindikuti ife tilibe mlandu. Timalima chimanga m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, timataya zinyalala m'ngalande, ndipo msuweni wangayo ankaona yekha kuti pamalopo pamamera bango. Koma munthu amene wapatsidwa kusankha pakati pa dambo ndi msewu sanapatsidwe chosankha. Mlandu waukulu uli ndi amene anadinda pepala.

Chifukwa chiyani zinthu sizisintha? Yankho lina lili m'ndale za matauni. Kwa zaka zoposa 20, makhonsolo ambiri a m'matauni akhala m'manja mwa zipani zotsutsa, pamene boma lalikulu lili m'manja mwa ZANU-PF. Boma limati makhonsolo ndi olephera ndiponso akatangale. Makhonsolo amati boma limawamana ndalama ndi mphamvu. Mbali zonse ziwiri zili ndi pogwira, ndipo mbali zonse ziwiri zimapindula mpopi ukakhala wouma, chifukwa umakhala chida cholozera mnzake nthawi ya chisankho. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ananena momveka: ndime 77 imapatsa munthu aliyense ufulu wa madzi abwino akumwa, ndime 264 imati mphamvu zitsikire kwa anthu, ndipo ndime 301 imati ndalama zosachepera 5 peresenti za boma zizipita kuzigawo ndi kumakhonsolo. Kusintha kwa nyengo kwabwera ngati mpumulo kwa onse. Kulibe nkhope, sikuvota, ndipo sungakutengere kukhoti.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Ndime 6 ya malamulo omwewo imatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho choyamba pamndandandawo. Komabe zikalata zimene ndawerengazi zonse zili m'Chingerezi, Chingerezi chake cha kumisonkhano. Azakhali amayankhula Chichewa ndi Chishona, ndipo amadziwa chaka chimene chitsime chilichonse cha mumsewu mwawo chinauma. Nzeru imeneyi palibe anabwera kudzaifunsa. Kwa ife ana a matchona pali chipsera china. Lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ambiri a ife alendo m'dziko limene tinabadwira, ndipo ambiri anataya ufulu wovota mpaka malamulo a 2013 anadzakonza. Munthu amene anauzidwa kwa zaka kuti si wa kuno amaphunzira kukhala chete pamsonkhano. Ndiye timatuma ena kuti akatimverere, ndipo tonse tikudziwa zimene kandimverere anakanena.

Chimene ndikupempha si chachikulu. Ndondomeko iliyonse ya nyengo ikhale ndi nambala imene munthu wa ku Zengeza angathe kuiyeza yekha: madzi azituluka masiku angati pa sabata, pofika chaka chiti, ndipo akalephera ayankhe ndani. Mapu a madambo apachikidwe pamsika, kusukulu ndi kutchalitchi, m'Chishona ndi m'Chichewa, kuti munthu adziwe asanapereke ndalama zake. Wogulitsa dambo ayambe ndiye kuzengedwa mlandu, ndipo wogula asonyezedwe kopita nyumba yake isanagwetsedwe. Misonkhano yofunsa maganizo ichitikire pafupi ndi mjigo, pa nthawi imene amayi angathe kufikapo. Ndalama za nyengo zikabwera, gawo la tauni lilembedwe poyera. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pa nkhani ya nyengo wamva m'mimbayo anamusiya panja, chitseko chili chokhoma.

Nditawauza azakhali kuti ndikulemba za funso lawo lija, anaseka pang'ono. "Lemba, mwanawe," anatero. "Koma ukamaliza ubwere ndi wilibala. Mawa tidzuka 3 koloko."