Mpweya, Mafuta ndi Mabuleki

Omasulira ena akafika pa ntchito imene Chingerezi chimaitcha bleeding amathamangira kulemba kuti "kukhetsa mabuleki". Mawuwa ndi osokeretsa, pakuti chimene makaniko amafuna kuchotsa ndi mpweya. Mpweya umapanikizika, pamene timadzi ta m'mapaipi sitipanikizika. Ukalowamo, chopondera chimafewa ndipo galimoto siima msanga. Pa galimoto yakale monga Morris Minor, munthu mmodzi amapopa chopondera n'kuchigwira pansi, mnzake namasula kabawuti ka pawilo, kuyambira wilo lakutali ndi mpope waukulu. Motero mawu oyenera ndi "kutulutsa mpweya m'mabuleki".

Choopsa kwambiri ndi mawu akuti "mafuta a mabuleki". Kwa owerenga ambiri mafuta a galimoto ndi petulo, dizilo kapena oyilo. Komatu DOT 3 ndi DOT 4 si oyilo. Wothiramo oyilo amatupitsa mphira zam'kati, mabuleki n'kufa. N'zoona kuti Citroën DS kuyambira 1966 inkagwiritsa ntchito mafuta enieni obiriwira, LHM, koma mawu amodzi sangatchule zonse ziwiri. "Madzi" nawonso angathiritse munthu a pachitsime. Apa kubwereka kukupambana kumasulira: palembedwe "bulekifuluwidi".