Cingerezi ndi Cispanya pa Muyeso

Ife aphunzitsi tizolowera kudzudzula mwana akaphunthwa powerenga Cingerezi, monga ngati colakwa ciri m'kamwa mwace. Koma tisanatenge ndodo, tiyeni tiike cineneroci pa muyeso pamodzi ndi cinzace ca ku Spain, kuti tione kumene kwagona mlandu.

Cispanya ciri ndi maliu asanu, a, e, i, o, u, ndipo liri lonse limveka m'njira imodzi, monga m'cinenero cathu. Mwana wa kuno akaona "mano" awerenga bwino lomwe, angakhale sadziwa kuti kwa eni ace liu limeneli ndilo dzanja. Cingerezi ciri ndi zilembo zisanu zomwezo, koma zasenza maliu ngati 20. Taonani "though", "through", "cough" ndi "rough": mathero ace alembedwa mofanana, koma palibe awiri amene amveka cimodzimodzi.

Cifukwa cace nci? William Caxton anayamba kusindikiza mabuku ku Westminster m'caka ca 1476, pa nyengo imene Angerezi analikusintha kachulidwe kao. Zilembo zinaima, pakamwa panapitirira. A ku Spain anakhazika bungwe la Real Academia Española mu 1713, ndipo kuyambira ndi buku lace la kalembedwe la 1741 linayesetsa kuyanjanitsa colembera ndi lilime. Sitinena kuti linatha zonse ai, pakuti "h" samveka konse, ndipo "b" ndi "v" achulidwa mofanana.

Pa mau, zinenerozi ziri paubale. Anormani atagonjetsa England mu 1066, mau ambiri ocokera ku Cilatini analowa m'Cingerezi kudzera m'Cifalansa. Cifukwa cace "nation" afanana ndi "nación". Koma ubalewu uli ndi misampha: "ropa" ndizo zobvala, si cingwe, "éxito" ndiko kupambana, si khomo loturukira. Ngakhale ife tiri nao mbali, pakuti "kalata" ndi "nsapato" tinalandira kwa Apwitikizi, ndipo a ku Spain ati "carta" ndi "zapato".

Tsono tiweruza kuti pa kalembedwe Cispanya cinena zoona koposa. Cingerezi sitidzacileka, popeza ndico khomo la mayeso ndi nchito. Koma ticiphunzitse ndi khutu tisanaciphunzitse ndi diso, ndipo tileke kukwapula mwana cifukwa ca mlandu wa zilembo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.