Phunziro la Dongo Pakhonde pa Agogo

Dongo labwino limadziwika ndi zala. Agogo odziwa kuumba akatenga mdzukulu kupita naye kumtapo, m'mbali mwa dambo kapena mtsinje, amakumba kupyola dothi lapamwamba la mizu ndi zinyalala, n'kutapa lapansi. Amalinyowetsa, n'kulipota pakati pa zikhato mpaka litalike, kenako n'kulikulunga pachala. Likathyoka ndiye kuti mchenga wachuluka. Likapinda osang'aluka, ndi lomwelo. Mwana wa zaka 7 amatha kuyesa zimenezi yekha tsiku lomwelo.

Ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, koma m'kalasi lodzaza mphunzitsi sangagwire chala cha mwana aliyense. Pakhonde mphunzitsi ndi mmodzi, ophunzira awiri kapena atatu, ndipo nthawi imayendera dongo, osati belu.

Ntchito yoyamba ya mwana ndi yotopetsa. Dongo likanyowetsedwa n'kugona masiku angapo litafunditsidwa masamba a nthochi, iye amachotsamo timiyala ndi timizu, kamodzikamodzi. Kenako amasinja mapale a miphika yakale kuti asanduke ufa wokhakhala wosakaniza ndi dongolo. Apa pali nzeru yozama. Dongo likamauma limafota, koma phale linapsa kale ndipo silifotanso, choncho limagwira khoma la mphika kuti lisang'aluke. Limatsegulanso tinjira totulukira nthunzi pamoto. Agogo safotokoza zonsezi. Amangopinda dongo, n'kulimenya pamwala, n'kulipindanso mpaka mpweya wobisala m'kati utatha, mwana akutsanzira ndi kachibulunga kake.

Choyamba kuumba kawirikawiri ndi ng'ombe. Mwana amafulumira kupanga miyendo payokha n'kuimata pathupi, ndipo ikauma imathothoka. Agogo amatenga chibulunga china n'kuitsina miyendo kuchokera m'thupi momwemo, linunda ndi nyanga chimodzimodzi. "Taona, usamate, uzikoka," amangotero. Kuti nyanga zikhale bwino, mwana amayenera kupita kukhola kukayang'anitsitsa kuti zimamera pati, makutu ali pati, mwendo wakumbuyo umapindikira kuti. Kuyang'ana kotere ndi komwenso wojambula papepala amafunikira.

Mphika umayamba ndi chala chachikulu. Mwana amachilowetsa pakati pa chibulunga, n'kumatsina khoma akuzunguza, pang'onopang'ono, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Chovuta n'chakuti makulidwe a khoma afanane ponse, chifukwa malo okhuthala amauma mochedwa kuposa opyapyala, ndipo pamene ziwirizi zikumana ndi pamene mng'alu umayambira. Maso sathandiza. Chala cham'kati ndi chakunja ndizo zimauzana.

Mphika wokulirapo umakhazikidwa paphale, ndipo phalelo ndilo limazungulira. Woumba amapota dongo lalitali, n'kuliyala m'mphepete, dzanja lamanzere lili m'kati kuchirikiza, chala chakumanja chikufafaniza mzere wolumikizira. Akayala m'kati pang'ono, mphika umatseka kukamwa. Akayala kunja, mimba imakula. Chitsononkho chimapala kunja chokwera m'mwamba, kachidutswa ka chikho kamakankha m'kati kuti mimba ibulungike, ndipo kansanza konyowa kopanidwa pakati pa zala ziwiri kamazungulira milomo kamodzi kokha, milomo n'kusalala.

Chomwe ndimasirira kwambiri n'chakuti agogo odziwa salanda mphika wa mwana. Ukapendekeka, saufikira. Amatenga wawo, n'kuupendeketsa dala, n'kuuwongola pang'onopang'ono mwana akuona, kenako n'kupitiriza ntchito yawo osanena kanthu. Makolo ambiri ophunzitsa ana kunyumba amalephera pomwepa: dzanja limayabwa kukonza, chinthu chimatuluka chokongola, koma si cha mwana.

Mphika ukauma pang'ono, wolimba koma ukadali wozizira, imafika nthawi ya nkhulungo, kamwala kosalala ka mumtsinje. Kukulungiza nako kumapanikiza dongo lapamwamba mpaka linyezimire popanda utoto uliwonse. Kenako mwana amapatsidwa kamtengo kosongola kuti alembe mizere paphewa la mphika, yopingasa, yokhotakhota kapena timadontho. Luso la mizereli ndi lakale zedi. Akatswiri ofukula zakale amasiyanitsa mibadwo poyang'ana zolemba za pamapale: miphika yotchedwa ya Nkope, dzina lochokera ku Nkope m'boma la Mangochi, inaumbidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo mmodzi wa akatswiriwa, Yusuf Juwayeyi, anafukula mapale ambirimbiri pa Mankhamba, likulu lakale la Amaravi.

Kuumitsa kumachitika pamthunzi, kosapita mphepo, sabata kapena kuposerapo. Dzuwa limaumitsa kunja m'kati mukadali monyowa. Mwana amaphunzira kugunditsa mphika patsaya: ukazizira, madzi akadalimo.

Kuwotcha ndi kwa nyengo yachilimwe, madzulo opanda mphepo, ndipo moto ndi wa akulu, mwana ntchito yake ndi kutola makungwa, nkhuni ndi udzu. Miphika imayamba yawothetsedwa pafupi ndi moto, chifukwa madzi otsalira akawira pa madigiri 100 amasanduka nthunzi yomwe imaphulitsa khoma. Ikawotha imasanjidwa, n'kukwiriridwa ndi nkhuni, n'kuyatsa. Kutentha kukapitirira madigiri 600, madzi omangika m'kati mwenimweni mwa dongo amachoka, ndipo silingabwererenso kukhala matope. N'chifukwa chake ng'ombe yosawotcha imasungunuka ndi mvula yoyamba, pamene phale limakhala m'nthaka mibadwomibadwo. Kufiira kwa mphika kumachokera ku chitsulo cha m'dongo chikakumana ndi mpweya pamoto, ndipo mawanga akuda amatsala pamene nkhuni inagona pamphika n'kuutsekera mpweya.

Miphika ikazizira, agogo amagogoda uliwonse ndi chala, mwana akumvetsera. Wakupsa bwino umalira mokweza, wong'aluka umangoti phu. Wong'alukawo sutayidwa, umasungidwa kuti udzasinjidwe paulendo wotsatira. Wabwinowo amayamba kuphikamo phala la gaga kuti litseke timabowo ta m'khoma, kenako umaloledwa kuphika ndiwo.